Mango a mkamwini

Agogo anga aamuna anadzala mtengo wawo woyamba ali ndi zaka 55, ndipo anaudzala pa nthaka yoti sinali yawo. Kwathu, kumunsi kwa mapiri a Dedza pakati pa Golomoti ndi Mtakataka, mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi. Munda ndi wa mbumba, ana ndi a mbumba, ndipo ngakhale nyumba imene mwamuna anaumba yekha njerwa zake, tsiku loti banja latha amaisiya n'kunyamula chikwama chake basi. Mkamwini alime chimanga, alime mtedza kapena thonje, palibe angamufunse, chifukwa zimenezo chaka chikatha zachoka m'munda. Koma mtengo umakhalitsa kuposa woudzala, ndiye mkamwini akayamba kukumba maenje anthu amafunsana kuti kodi ameneyu akufuna kutiuza kuti pano ndi pake? Agogo ankaudziwa bwino mwambo umenewu, poti kwawo ku Luchenza, pakati pa Alhomwe, zimayendanso chimodzimodzi. Maenjewo anakumbabe.

Chaka chimene anabadwa sankachidziwa. Amayi awo anangowauza kuti anabadwa dzombe litagwa, ndipo kalaliki amene anawalemba ntchito anawayang'ana nkhope n'kulemba 1932. Anakulira m'mphepete mwa esiteti ya tiyi nthawi ya thangata, pamene banja lokhala pa malo a mzungu linkalipira lendi ndi thukuta, kugwira ntchito m'munda mwa mwini malo. Za thangata sankakonda kukamba. Ukawafunsa ankangoti, "Zinatha mu 1962," n'kusintha nkhani. Imene ankabwereza kawirikawiri ndi njala ya 1949, mvula itakana, anthu m'maboma a kummwera akukumba mizu ya m'tchire kuti aphike. Ali mnyamata wa zaka 17, wongodziwa kulemba dzina lake ndi kuwerengera pang'ono, anatsata njanji wapansi kuchoka ku Luchenza mpaka ku Limbe, kumene kunali likulu la Nyasaland Railways. Anali atamva kuti antchito kumeneko amalandira phoso, ufa ndi nyemba ndi mchere. Ankanena mosabisa kuti sitima sinali m'mutu mwawo tsiku limenelo, iwo ankatsata ufa.

Anayambira m'gulu lokonza njanji: kunyamula masilipa achitsulo, kugwedeza miyala pansi pake ndi piki, kumanga mabawuti dzuwa lili paliwombo. Gulu lawo linatumizidwa ku njanji ya kumpoto, imene inafika ku Salima mu 1935, ndipo pa siteshoni ya Golomoti ndi pamene anaonana ndi agogo aakazi, aNaphiri, akugulitsa thobwa ndi chimanga chophika kwa anthu a m'sitima. Agogo aakazi ankati mnyamatayo ankagula thobwa m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka amayi awo anazindikira kuti limeneli si ludzu. Ankhoswe anakumana mu 1955. Kenako agogo aamuna anakwezedwa kukhala wosintha njanji pa siteshoni, ndipo patapita zaka anakhala gadi, uja amakhala m'bogi yomalizira ndi mbendera ziwiri, yofiira ndi yobiriwira, nyali ndi wezulo. Kuyambira pamenepo mudzi wonse, ndi ana awo omwe akamawanena kumbali, unkangoti aGadi. Pa sitiraka ya antchito a njanji ya 1960 anali nawo, koma sankadzitama nayo. Chimene ankakumbukira ndi mantha: mwana wachiwiri anali atangobadwa, ndipo panalibe ankadziwa ngati abwereranso pa ntchito.

Ife adzukulu tinaphunzira mapu a dziko lino kwa iwo tisanawaone pa khoma la kalasi. Ankatchula masiteshoni motsatana, atatsinzina: Nsanje, imene ankaitchulabe Port Herald, Bangula, Chiromo, Makhanga, Sandama, Luchenza, Limbe, Blantyre, Lirangwe, Shire North, Utale, Nkaya, Balaka, Bilila, Sharpevale, Golomoti, Mtakataka, Chipoka, Salima. Siteshoni iliyonse inali ndi chake, apa nzimbe, apo nsomba, pena udzudzu woti gadi sangaone tulo. Akafika pa nkhani ya mlatho wa Dona Ana, wodutsa Zambezi pakati pa Mutarara ndi Sena, mawu ankakwera. Makilomita oposa atatu ndi theka muli pamwamba pa mtsinje, sitima ikukwawa, mvuu zikuoneka pansi. Sankakokomeza, chifukwa utatsegulidwa mu 1935 unali mlatho wa njanji wautali kuposa yonse mu Africa. Anaona injini zamalasha zikusiyira malo zadizilo, anaona njanji ya ku Nacala ikutsegulidwa mu 1970 kudzera ku Liwonde ndi Nayuchi, ndi ya ku Lilongwe mu 1979. Malipiro awo anayamba ali mashiling'i n'kudzasanduka makwacha mu 1971.

M'zaka zonsezi pakhomo pawo anali mlendo. Anapatsidwa nyumba ku Mpingwe, ku Limbe, koma agogo aakazi anakhalako dzinja limodzi n'kubwerera, amvekere sindingakhale kumalo kogula nkhuni ndi nkhwani. Ana asanu ndi awiri anabadwira kumudzi. Awiri anamwalira ndi chikuku ali aang'ono, ndipo pa maliro a mmodzi agogo anafika mwana ataikidwa kale. Mayi anga amati ali mwana, chimene ankachidziwa kwambiri pa bambo awo ndi dzanja lotuluka pa bogi yomalizira. Mudzi wathu uli pakati pa masiteshoni awiri, sitima siima, ndiye tsiku loti aGadi akudutsa ana ankakadikira pa chulu cha m'mbali mwa njanji. Sitima ikafika pamenepo phukusi linkagwera mu udzu, lokulunga m'chiguduli n'kumanga ndi luzi: mchere, shuga, mtanda wa sopo, nthawi zina buledi wa ku Limbe wophwanyika mbali imodzi. M'kati munkakhala kakalata konena tsiku limene adzadutsenso. Amene ankalera anawo tsiku ndi tsiku, kuwaweruza akayambana ndi kuwaperekeza ku chipatala cha ku Mua akadwala, anali atsibweni awo, aPhiri, mlongo wawo wa agogo aakazi, mwini mbumba. Munthu ameneyu mumusunge, abweranso.

Agogo anapuma ntchito mu 1987, njanji ili pa mavuto. Nkhondo ya ku Mozambique inali itatseka njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala yomwe, katundu wa dziko lino akuzungulira pa malole mpaka ku Durban. Anafika kumudzi ndi bokosi lachitsulo, njinga ya Humber, wailesi ya Nzeru, malata 24 ndi wotchi ya m'thumba. Miyezi yoyamba inavuta aliyense. Ankadzuka 4 koloko, kumeta ndevu, kuvala malaya n'kupisira, kenako n'kukhala pakhonde opanda kopita. Ankafunsa agogo aakazi kuti nsima ipsa nthawi yanji, iwo n'kuyankha kuti ikapsa. Kumunda ankakunga chingwe kuti mizere iwongoke, ndiye pamene anzawo amaliza ndime iwo ali pa mzere wachitatu, odutsa akufunsa ngati akufuna kuyalapo njanji. Sitima ikamadutsa ankatulutsa wotchi n'kupukusa mutu. Agogo aakazi, amene anakhala zaka 32 akuyendetsa pakhomo okha, anafika pouza mayi anga kuti, "Bambo anuwa apezereni chochita, apo ayi mmodzi wa ife asamuka."

Ndisawapange mngelo. Anali munthu waukali pa zinthu zazing'ono. Mwana akachedwa kuchokera kumjigo ankamufunsa kuti wayenda mphindi zingati, ngati kuti mwanayo ali ndi wotchi. Mabatire a wailesi ankawachotsa akamapita kumunda n'kuwaika m'thumba la jekete, kuti ife tisamvere nyimbo. Ndipo ana awo aamuna, amene anakula akuopa atsibweni kuposa bambo, sanagwirizane nawo kwenikweni mpaka mapeto. Iwo ankafuna kuyamba kulamula anyamata a ndevu kale, anyamatawo n'kumaona kuti mdalayu wachedwa.

Chochita chija anachipeza okha. Atapita ku Limbe kukalondola za penshoni, anapatukira ku Bvumbwe, kumalo a kafukufuku wa zaulimi, kumene mnzawo wina wakale ankagwira ntchito ku nazale. Anagona kumeneko masiku angapo akuphunzira kumezanitsa mitengo, ndipo anabwerako ndi mbande 12 ndi kamtolo ka tinthambi tokulunga m'chiguduli chonyowa. Mango kwathu si chinthu chachilendo. Maboloma ndi kalisere amangomera okha paliponse pamene mwana anataya njere, ndipo mu Novembala ndi Disembala amawolera pansi mpaka nkhumba kutopa nawo. Amene agogo anabweretsa anali ena, a Kent, a Keitt ndi a Tommy Atkins, aakulu, osatsalira kwambiri m'mano, ndipo ena mwa iwo amapsa mochedwa, a lokolo atatha.

Atangokumba maenje kuseri kwa nyumba, cholowera kudambo, aPhiri anatulukira. Anakhala pa mpando wa ndalema, analandira madzi, anafunsa za ku Limbe, kenako anati:

"Alamu, ndaona maenje."

"Eya alamu, ndi a mango."

"Adzadye ndani?"

"Ana a mlongo wanu, ndi ana awo."

"Lero mukutero. Nanga mawa inu kulibe, abale anu a ku Luchenza akadzabwera kudzati mitengo ya m'bale wathu, ife tidzati chiyani?"

Funso limeneli silinali la nkhanza. APhiri anali ataonapo milandu yotere pabwalo, mtengo wa mkamwini ukusanduka umboni woti malo ndi a kuchimuna. Nkhani inapita kwa anyakwawa, ndipo agogo ananena pamaso pa mboni kuti mtengo uliwonse umene adzadzale pa malopo ndi wa aNaphiri ndi ana awo aakazi, iwo chawo ndi mpeni ndi keni yothirira. Mawu apakamwa sanawakwanire. Monga munthu wozolowera kusainira bogi iliyonse, anazilemba m'kope, anyakwawa n'kudinda chala, aPhiri n'kudindanso. Kope limenelo lilipo mpaka lero, mayi anga amalisunga m'bokosi lachitsulo lija. Umwini wa zipatso anaupereka kuti aloledwe kugwira ntchito yake, ndipo sindinawamvepo tsiku ndi limodzi akudandaula kuti anadyeredwa masuku pamutu.

Kumezanitsa ndinkakuonera pafupi, chifukwa pa tchuthi wogwira timapepala ndinali ine. Ankayamba ndi kufesa njere za mango a lokolo m'machubu, poti mizu yake inazolowera nthaka yathu ndi chilala chake. Kambande kakanenepa kufika pa pensulo, ankakadula mutu ndi mpeni wawo wa Okapi, umene sunkaloledwa kusenda ngakhale mbatata, n'kung'amba kathunthu pakati masentimita atatu kapena anayi. Kenako ankatenga kanthambi ka Keitt kokhala ndi maso otupa, kukasongola mbali ziwiri, n'kukalowetsa mu mng'alu muja. Apa ndiye ankasiya kuyankhula, ngakhale uwafunse chiyani. Khungwa la kanthambi liyenera kukhudzana ndi khungwa la kathunthu, ngakhale mbali imodzi yokha, koma zikaphonyana ntchito yonse yalowa m'madzi. Ankamanga ndi timizere ta pulasitiki todula ku mapaketi a shuga, kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti madzi asalowe, n'kuvundikira ndi kapepala ka mafilizi kuti kanthambi kasaume. Pabala sankalola chala cha munthu kukhudzapo. Pakatha masabata atatu kapena anayi timasamba tofiirira tinkaoneka m'kati mwa kapepala muja, ndipo zimenezo zinkalowa m'kope: tsiku, mtundu, wagwira kapena wafa.

Chaka choyamba yambiri inafa. Ina inadyedwa ndi chiswe, ina ndi mbuzi za aPhiri, zimene zinabweretsa kamlandu kena kamene kanatha ndi nkhuku. Anaphunzira kuthira phulusa m'maenje, kutchinga mtengo uliwonse ndi minga, ndi kuthyola mphukira zotuluka kumunsi kwa bala, chifukwa ukazisiya zimalanda chakudya, mtengo n'kubwerera ku ulokolo wake. Mtengo womezanitsa umayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene wa njere ungakudikiritse zisanu ndi chimodzi kapena kuposa. Koma maluwa oyamba iwo ankawathothola onse, ati mtengo uyambe wakhwima usanasenze katundu. Ife ana tinkaima poteropo, malovu mkamwa, tikuona mango athu akugwa asanabadwe.

Nkhunda zinabwera pambuyo pake, ndipo izi sizinafune chilolezo cha munthu. Anayamba ndi ziwiri. Anamanga khola la nsungwi ndi dothi pamwamba pa mizati inayi, mzati uliwonse atauveka lata kuti khoswe ndi njoka ziterereke. Nkhunda imaikira mazira awiri, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira pafupifupi masiku 18, yaimuna masana, yaikazi usiku. Zimenezi zinkawasangalatsa agogo kwambiri, ankati izi ndiye mbalame zoyenera kulembedwa ntchito ku njanji, zimadziwa shifiti. M'mawa uliwonse 6 koloko ankaimba wezulo yawo ya ugadi ija n'kumwaza mapira ndi misere pabwalo, ndiye oyandikana nafe amene analibe wotchi ankadzutsira ana a sukulu pamenepo. Anthu kwathu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa mikangano, ndipo agogo aakazi anapezerapo chida. Agogo akangokweza mawu, iwo ankaloza kukhola ndi mlomo n'kuti, "Kaya, nkhunda zanu zikumva." Maunda sankagulitsa. Anali ndiwo za wodwala, za mayi amene wangochira kumene, ndi za mdzukulu amene wakhoza mayeso.

Madzulo anali a bawo, ndipo mnzawo wa bawo anali aPhiri omwewo. Bawoyo anasema okha ku mlombwa, maenje 32, nkhomo 64 zosungidwa m'chitini cha mkaka. Ankasewera pansi pa bwemba, wailesi ili pambali kudikira nkhani za m'maboma ndi mauthenga achisoni, amene agogo sankawaphonya chifukwa ndi mmene ankamvera za anzawo a ku njanji. Agogo ankawerengera chamumtima nthawi yaitali asanagwire nkhomo. APhiri ankatakata msanga uku akubwebweta kuti asokoneze mnzawo, ndipo aliyense ankati mnzakeyo amaba. Za ndale kwa zaka zambiri sankakamba, poti nthawi ya makadi a chipani sunkadziwa amene akumvetsera. Mu 1993 zinatulukira poyera. Pa riferendamu ya pa 14 Juni aPhiri anali a tambala wakuda wa chipani chimodzi, monga ambiri m'chigawo chapakati, agogo anali a nyali ya zipani zambiri. Nyali itapambana, aPhiri sanaoneke pansi pa bwemba masabata awiri. Tsiku limene anabwera sanatalikitse moni, anangokhala pansi n'kuti, "Ikani nkhomo alamu, kuno kulibe mavoti."

Chimene chinayamba ngati chotayira nthawi chinadzakhala chodyetsa banja. Kwacha itayamba kugwa mphamvu mu 1994, penshoni imene poyamba inkagula matumba a fetereza inafika pongokwanira sopo ndi mabatire. Koma nthawi imeneyo n'kuti mitengo ikubereka. A Keitt amapsa mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, sukulu zikufuna fizi, ndiye agogo ankamanga dengu pa Humber kupita nalo pa msewu wa M5, kumene a magalimoto ochokera ku Salima ndi ku Balaka ankagula osanenerera. Fizi yanga ya ku sekondale mbali yaikulu inachokera m'dengu limenelo.

Pa njala ya 2002 anthu anayamba kubwera usiku kudzathyola mango osapsa kuti akaphike. Chinali chaka choipa, chimene wogwidwa akuba chimanga m'munda ankatha kuvulazidwa kapena kuphedwa kumene. Amalume anga ena anatulutsa chikwanje kuti azigona kumitengo. Atafunsa agogo, iwo anati, "Mitengoyi si yanga, kafunseni eni ake." Mwini wake, agogo aakazi, analamula kuti chikwanje chibwerere m'nyumba, ndipo aliyense wobwera masana azipatsidwa mango asanu, asamachite kubwera usiku n'kuthyola nthambi. Chaka chimenecho dengu silinapite kumsewu.

Agogo aakazi anatisiya mu 2004. Pa mwambo wathu mkazi akamwalira, pakapita nthawi akuchikazi amamusudzula mwamuna, kumumasula kuti abwerere kwawo, akafuna akakwatirenso. Agogo anali ndi zaka 72. Ku Luchenza anachokako ali mnyamata, alongo awo onse anali atamwalira, ndipo malo kumeneko ndi ochepa moti adzukulu a alongo awowo ankalimbirana kamunda kosakwana ekala. Iwo sanadikire kuuzidwa. Kutatsala masiku ochepa kuti akuluakulu akumane, tinawapeza atapukuta bokosi lija, zovala atapinda, wailesi ataikulunga m'nsalu. Mpeni wa Okapi ndi kope anapereka kwa mayi anga.

Pa tsikulo mayi anga ndi ang'ono awo anakana kwamtuwagalu, koma mawu omaliza anali a mwini mbumba. APhiri, amene pa nthawiyo ankayenda ndi ndodo, anayankhula motalika za mwambo, kuti sunayambe ndi ife, kuti makolo sanali opusa. Tonse mitima inali m'mwamba. Kenako anati, "Tawasudzula, ndi omasuka. Akafuna kukwatira akwatire, ngati alipo angawalole. Koma zochoka pano ayi. Mitengo iyi akuidziwa ndani? Komanso andidya katatu kotsatizana sabata yathayi, sangathawe ndisanabweze." Ena anaseka, amayi ena analira. Agogo anangowomba m'manja mwaulemu n'kuti, "Zikomo alamu." Madzulo ake anamasula wailesi.

Anzanga a m'tauni akamva nkhani imeneyi amathamangira kunyoza chikamwini, ati n'chifukwa chake amuna satukula midzi. Ine sindithamanga nawo. Mwambo womwewu ndi umene unachititsa kuti mayi anga, bambo atatisiya, asathamangitsidwe ndi mwana kumsana monga zimachitikira amayi amasiye kwina. Munda unali wawo, nyumba inali yawo, palibe mlamu anabwera kudzazula malata. Koma sindinganamenso kuti mwambowu ulibe mbali yowawa. Munthu amene wakhala pa banja zaka 49 sayenera kupinda zovala n'kumadikira kuti ena amuganizire. Agogo anapulumuka chifukwa anali ndi mlamu wanzeru ndi ana aakazi olimba mtima. Alipo madala m'midzi yoyandikana nafe amene anakwezedwa matola ndi kachikwama, kukafera kumudzi kumene ana a kumeneko sankawadziwa n'komwe. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti anthu azilembetsa malo awo, koma kwathu nkhani zotere zimatherabe pabwalo la anyakwawa.

APhiri anatsogola mu 2009, ndipo bawo inayamba kuchita fumbi, poti agogo ankati anyamata amasewera mothamanga, osawerengera. Maso anachita ng'ala. Tinapita nawo ku Nkhoma kumene anawapala diso limodzi, ndipo atafika kunyumba akuonanso, dandaulo loyamba linali lakuti mitengo sinaduliridwe bwino. Kumezanitsa anasiya chifukwa manja ankanjenjemera, koma ankakhala pa mpando n'kumalangiza mng'ono wawo wa mayi anga, amene anatenga luso lonse kuposa amuna onse amene anayesapo. Sitima ya anthu inali itasiya kale kudutsa kwathu. Atamva kuti kwamangidwa njanji yatsopano yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kudzera ku Nkaya mpaka ku Nacala, anafunsa kuti sitima imodzi imakoka mabogi angati. Atauzidwa kuti oposa 100, anakhala chete pang'ono, kenako n'kufunsa kuti nanga dalaivala mbendera ya gadi amaiona bwanji.

Anamwalira mu Juni 2016, m'nyumba mwawo, atadwala chibayo sabata imodzi. Abale a ku Luchenza anabwera pa minibasi, ndipo monga mwa mwambo anapempha kuti atenge thupi likagone kwawo. Nkhani inakambidwa usiku wonse kuseri kwa siwa, osamvana. Amene anaithetsa ndi gogo wina wa ku Luchenza komweko, amene m'mamawa anayenda yekha pakati pa mitengo ija n'kubwera kudzauza anzake kuti tisavutitse anthu, m'bale wathu kwawo ndi kuno. Anaikidwa pafupi ndi akazi awo, chinthu chimene kwathu sichichitika kawirikawiri kwa mkamwini. Pobwerera, alendowo anapatsidwa mbande 10 zomezanitsa, anazikhazika pamiyendo m'minibasi.

Mitengo yatsala 41. Nkhunda zinatha pang'onopang'ono poti panalibe wodzuka 6 koloko, ndipo khola linadzagwa ndi mvula. Masiku ano mavenda amabwera mango asanapse n'kugula mtengo wathunthu, ndiye chaka chilichonse pa gulu la WhatsApp la banja pamabuka mkangano. Ena amati tigulitse msanga akuba asanatithyolere, ena amati tidikire Febuluwale pamene bango limodzi limagulidwa bwino. Amalume amene sanathirirepo ngakhale keni imodzi ndi amene amalemba mauthenga ataliatali. Mayi anga sakangana nawo. Amangojambula tsamba loyamba la kope, pamene pali zidindo ziwiri za zala, n'kutumiza. Ndalama za chaka chino agwirizana ndi ang'ono awo kuti theka ligule simenti ya ziliza za agogo onse awiri, theka linalo machubu ndi waya wotchingira mbuzi, chifukwa mitengo isanu ya kudambo yakalamba ndipo akufuna kufesa ina mvula isanagwe.